Zomwe ndinaona pojambulitsa mitsempha ya miyendo pa MRI, makamaka nkhani ya jakisoni uja

Ngati adokotala akulemberani kalata yoti mukajambulitse mitsempha ya miyendo pa MRI ndipo akuti padzakhala jakisoni wa contrast, mankhwala owalitsa mitsempha pachithunzi, khalani pansi ndikuuzeni zomwe ndinakumana nazo, chifukwa zambiri ine ndinazidziwira pabedi pompo kanula, kapaipi kobayira mankhwala mumtsempha, ali kale pamkono. Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndili ndi kashopu ka hardware cha ku msika wa Taifa, zaka 50 ndinadutsa, shuga ndakhala naye nthawi yaitali ndithu ndipo fodya ndinasuta kuyambira unyamata mpaka ana atakula. Ndanena zimenezi dala, nanga si shuga ndi fodya ndi amene amagwetsera anthu ambiri m'vuto limeneli la kutsekeka kwa mitsempha ya miyendo, kuphatikizapo BP ndi mafuta ochuluka m'magazi.

Zinayambira pa katumba wa mwendo wakumanzere. Ndikanyamuka kunyumba wapansi, penapake pakati pa njira katumba amangouma gwa, kupweteka koti sungaponyenso phazi, ndikaima pang'ono ululu wachoka, ndikayendanso mtunda ngati womwewo wabweranso, ndipo ndi zitunda za Mzuzu izi zimanyanya pokwera. Anyamata a Sacramento, a njinga za kabaza aja, anafika pondizolowera, akangondiona ndaima m'mbali mwa msewu ndagwira bondo amati adada kwerani tikakusiyeni. Anthu nde amanena zawo, ena nyamakazi, ena akuti ndi kuzizira kwa kuno, achimwene anga mpaka anati mwina waponda mankhwala pakhomo pa shopu, tipite kwa munthu akaone. Koma phazi linayamba kuzizira kuposa linzake olo kunja kukutentha, ubweya wa pamwendo unatha, usiku nthawi zina ndimachita kulendewetsa mwendo m'mbali mwa bedi kuti ndigone, kenako nsapato inandisupula pachala chachikulu ndipo kabala kake kanangokhala osapola, kumafiira m'mbali. Pamenepo mayi akunyumba anati basi, za achimwene anuzo zisiyeni, mawa kuchipatala.

Adokotala anagwiragwira pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo kufufuza pomwe magazi akugunda, kumanja anapeza, kumanzere zii. Anayeza BP pamkono ndi pakakolo nkugawa manambala awiriwo, akuti yankho likatsika pansi pa 0.9 ndiye kuti mitsempha yotsitsira magazi kumwendo yachepa mkati, ndipo langa linali pansi ndithu. Anandipanga Doppler, sikani yoona mmene magazi akuyendera ija yopaka mafuta oterera, inaonetsa kuti vuto lili cha m'ntchafu, koma a opaleshoni amafuna chithunzi chonse kuyambira pamimba mpaka kuphazi asanaganize zotsegula. Ndinafunsa kuti bwanji osangopanga CT poti ndi yomwe timaimva kwambiri. Yankho lake linali lomveka, akuti anthu a shuga mitsempha yathu ya pansi pa bondo imakonda kuuma ndi calcium m'makoma mwake, ndiye pa CT calcium ameneyu amawala mbee nkubisa njira yamkati, pamene MRI samasokonezeka naye. Chinanso mankhwala a CT ndi a iodine ndipo amakhala ambiri, ma ml 100 kapena kuposa, olemera ku impso zomwe zatopa kale ndi shuga. MRI ilibenso ma X-ray, imagwira ntchito ndi maginito.

Tsopano nkhani ya impso, iyi musaiphonye abale anga. Mwana wa mchemwali wanga ndi nesi, atangomva anandiimbira nkuti amalume musakwere basi musanayezetse creatinine, kuyeza magazi koona impso, ndipo zotsatira zikhale zatsopano osati za chaka chatha. Kuchokera pa creatinine amawerengera nambala ina yotchedwa eGFR yomwe imasonyeza mmene impso zikusefera. Mankhwala a MRI muli chitsulo china chotchedwa gadolinium, pachokha ndi choopsa m'thupi, ndiye amachimangirira ku mankhwala ena kuti chiyende m'magazi osamasuka mpaka impso zichitulutse pokodza. Impso zikakhala bwino theka limakhala latuluka pakatha ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo pofika mawa lake pafupifupi zonse zapita. Impso zikakhala zofooka kwambiri mankhwala amachedwa m'thupi, ndipo mpomwe panabwerera vuto. Mankhwalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1988, anthu kumabayidwa bwinobwino, koma mu 2006 madokotala anazindikira kuti matenda ena achilendo oumitsa khungu ndi mfundo, otchedwa NSF, amagwira anthu a impso zoonongeka kwambiri omwe anabayidwapo mitundu ina ya gadolinium. Chiyambire pamenepo eGFR ikakhala pansi pa 30, kapena munthu ali pa dialysis, makina osefa magazi m'malo mwa impso, amayamba aganiza kaye. Mitundu yomwe imagwira chitsulocho mwamphamvu, monga gadoterate, gadobutrol ndi gadoteridol, chiopsezo chake nchochepa zedi. Mu 2014 ku Japan anapezanso kuti tizitsalira ta gadolinium timatha kukhala mu ubongo mwa anthu obayidwa kambirimbiri, matenda obwera chifukwa cha zimenezo sanatsimikizidwe, komabe mu 2017 ku Europe anaimitsa ina mwa mitundu yakale ija. Ine nde ndimangoti funsani dzina la mankhwala omwe akubayeni, si mwano ayi, ndi thupi lanu. Zanga impso zinali zotopa pang'ono koma eGFR inali pamwamba, kutali ndi 30.

Za metformin, mankhwala a shuga aja, ndinafunsanso poti mnzanga wina anamuuza asiye kumwa pamene amapanga CT. Akuti zimenezo ndi za mankhwala a iodine, pa gadolinium wa mlingo wamba sasiyitsa. Kudya sanandiletse, anangoti ndisakhute kwambiri. Inu a shuga tengani kachakudya m'chikwama, pamzere pamachedwa.

Kojambulitsa kunali ku Lilongwe, chipatala chake sinditchula. Musananyamuke kuno imbani foni ndipo musangofunsa kuti muli ndi MRI, funsani kuti mumajambula ma artery a miyendo, mitsempha yotsitsira magazi ija, ndi contrast, nanga mankhwalawo alipo panopa? Si makina onse angathe zimenezi. MRI yoyamba m'dziko muno inafika mu 2008 ku Queens ku Blantyre chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana, mphamvu yake inali 0.35 tesla, pamene ntchito ya mitsempha imayenda bwino pa makina a 1.5 kapena 3 tesla, komanso pamafunika zoyala pamiyendo zolandirira chithunzi ndi pampu yobayira. Ndikunena izi chifukwa pamzere ndinacheza ndi mayi wina wochokera kutali yemwe anali atabwezedwapo kwina, akuti atafika anamuuza kuti mankhwala atha mubwere sabata yamawa, thiransipoti yonse kupita padera. Kuchoka Mzuzu kudutsa Chikangawa, Jenda, Kasungu mpaka Lilongwe ndi mwendo wopweteka si ulendo woti uzibwereza, ndipo ndalama za scan yakeyo si zamasewera.

Pofika amakupatsa fomu ya mafunso, yankhani zoona zokhazokha. Pacemaker (kachipangizo kothandiza mtima kugunda), zitsulo za opaleshoni, zothandizira kumva, mano ochita kuvala, zipolopolo kapena tizitsulo totsalira m'thupi. Funso lomwe linandigwira mtima ndi loti munayamba mwalowedwapo kachitsulo m'diso, chifukwa ndinaganiza za anyamata owotcherera omwe amagula ma disc a grinder pashopu panga, ambiri amagwira ntchito opanda magalasi, ndiye kachidutswa kotero maginito atha kukasuntha m'diso. Oterowo amayamba awajambula X-ray ya maso. Maginito aja sazima olo makina akhale chete, nde foni, makiyi, makadi a ATM, lamba, mapini a m'tsitsi, zonse zimatsala kunja, ndipo amene muli ndi kachithumwa m'chiuno vulani, simudziwa anasokeramo chani mkatimo kkkk. Amayi oyembekezera nenani, gadolinium sabaya mwachisawawa pa mimba. Oyamwitsa nthawi zambiri amauzidwa kuti apitirize chifukwa zopita mumkaka nzochepetsetsa.

Kenako sikelo. Ndimadabwa kuti kulemera kwanga kukukhudzana bwanji ndi chithunzi, kumeneko mlingo umayendera makilogalamu, mlingo wamba ndi 0.1 mmol pa kilo iliyonse. Munthu wa makilo 70 ndiye kuti ma ml 14 ngati ali gadoterate, kapena 7 ngati ali gadobutrol poti ameneyu ndi wokhathamira kawiri. Ya miyendo nthawi zina amaonjezera chifukwa mtunda wojambula ndi wautali, komabe ndi tochepa, ndipo ndi toyera ngati madzi, tilibe mtundu, mkodzo susintha. Ine ndimaganiza kuti andithira inki.

Kanula anandibaya mkono wamanja popinda chigongono, wa pinki uja, 20G. Ndinapempha kuti abaye kuseri kwa dzanja lamanzere monga amachitira pa dripi, anesi anati ayi bambo, apa si dripi, mankhwala akankhidwa ndi pampu mofulumira, timafuna mtsempha waukulu wosaphulika, ndipo kumanja njira yopita kumtima ndi yachidule, kumanzere mtsempha umadutsa chopingasa pachifuwa ndipo mankhwala amatha kuchedwa kapena kumwazikana. Atabaya anakankha madzi amchere mwamphamvu akundiyang'ana kumaso, mukumva kuwawa? Palibe. Pakutupa? Ayi. Nkumata pulasitala bwinobwino nkuti mkono umenewu musaupinde mpaka titamaliza.

Chipinda chake nchozizira, ife a ku Mzuzu sitinadandaule koma anandifunditsa kansalu. Umagona chagada, mapazi ndi omwe amayamba kulowa, zomwe zinandithandiza chifukwa pojambula m'munsi mutu umakhala cha kunja, umalowa mkati pokhapokha akufuna pamimba. Miyendo anaiyala pa siponji, mapazi anawamanga pamodzi ndi lamba, pamwamba nkuyala chinthu chachitali cholemererako kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Zotseka m'makutu, kampira kofinya m'dzanja lamanzere koitanira ukaona zovuta, ndi kapaipi kataliatali kochoka pa kanula kupita ku pampu yomwe inaima pambali ili ndi masirinji awiri, ina ya mankhwala ina ya madzi amchere.

Apa mpomwe panachitikira chinthu chomwe chinandipangitsa kulemba zonsezi. Wojambula anali mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga woyamba, akumanga mapazi anaona bandeji pachala paja. Anaima. Bambo, balali lakhala nthawi yaitali bwanji, limatuluka mafinya, phazi limatupa? Nditamufotokozera anatuluka kukalankhula ndi adokotala owerenga zithunzi, pobwera anati bambo tisintha kachitidwe, tikubayani kawiri m'malo mwa kamodzi, kanula ndi yemweyu musaope. Ine poti ndine wamafunso ndinati chifukwa chani mwanawe, ndipo sanatope nane, anandifotokozera ataimirira pambali pa bedi.

Akuti mankhwala aja sakhalitsa m'ma artery, amangodutsa. Akachoka pamkono amapita kumtima, m'mapapo, kubwereranso kumtima, ndiye nkutsika ndi mtsempha waukulu wa pamimba wotchedwa aorta, ndipo kwa anthu ambiri zimenezi zimatenga masekondi cha m'ma 15 mpaka 25, koma wa mtima wofooka zimachedwerapo. Akafika pamenepo amatsetsereka kupita kumiyendo, ndipo makina sangajambule thupi lonse nthawi imodzi, amajambula zigawo zitatu, pamimba ndi m'chiuno, ntchafu, kenako akatumba mpaka mapazi, bedi likuyenda lokha kutsatira mankhwala. Ine ndinazimva chonchi, zili ngati ukufuna kujambula basi imodzi pa Jenda, pa Kasungu ndi pa Mponela iwe uli ndi kamera imodzi, ukafika msanga ujambula msewu wopanda kanthu, ukachedwa upeza yadutsa ndipo zomwe zili pamsewu ndi zobwerera. Zobwererazo ndi ma vein, mitsempha yobwezera magazi kumtima. Pansi pa bondo pali ma artery atatu ang'onoang'ono ndipo iliyonse imayenda ndi ma vein awiri m'mbali mwake, ndiye ma vein akawala nawo chithunzi chimangokhala chipwirikiti, sungadziwe kuti wotseguka ndi uti. Tsono munthu wa bala lotupa ngati ine, timitsempha ta pabalapo timakhala totseguka kwambiri, magazi amalowa nkutembenuka msanga, nde pomwe bedi lizifika kumapazi litayamba pamimba, ma vein awala kalekale. Ndipo kumunsiko ndi komwe a opaleshoni amafunitsitsa kuona, chifukwa kutsegula m'ntchafu kumathandiza pokhapokha pali njira yoti magazi akafike kuchala.

Nde njira yake inali yoyamba ndi kumunsi paokha. Jakisoni woyamba wochepa, makina ataima pa akatumba osasuntha, akujambula mobwerezabwereza masekondi angapo aliwonse, kuti pakhale ndandanda wa zithunzi kuyambira mankhwala asanafike mpaka ma vein atadzaza, adokotala adzasankhe okha chomwe ma artery akuoneka bwino, mwendo uliwonse pa nthawi yake. Makampani anazipatsa maina osiyana, Siemens amati TWIST, GE amati TRICKS. Ena m'malo mwake amawamanga m'ntchafu zomangira zija zoyezera BP nkuzipopa pang'ono, cha m'ma 60, zokwanira kuchedwetsa ma vein osatseka ma artery, ndiye mukamangidwa zimenezo musadabwe.

Asanabaye amayamba ajambula miyendo yopanda mankhwala. Ichi ndi chomwe ambiri sitidziwa ndipo mpomwe timaonongera. Kompyuta imatenga chithunzi chokhala ndi mankhwala nkuchotsamo chija chopanda mankhwala, mafupa ndi minofu zimafafanizika kutsala mitsempha yokha. Kuti zitheke mwendo ukhale pamalo omwewo ndendende pa zithunzi zonse ziwiri. Ukangogwedeza chala, kapena kudzikonza m'chiuno poti makina angokhala chete ukuyesa apumira, zithunzi ziwirizo sizigwirizana, ndipo mankhwala akapita apita, sangangokubayanso pompo mopanda malire chifukwa mlingo uli ndi polekezera komanso ma vein amakhala atadzaza kale. Kwa ife amene mwendo umapweteka ukagona chagada iyi ndi ntchito yeniyeni. Nenani msanga ngati simungathe kugona choncho mphindi 30 kapena 40, akupatseni mankhwala a ululu musanalowe, akonzenso siponji pansi pa chidendene. Ine ndinapempha kuti asunthe lamba yemwe amakhudza bala tisanayambe, ndipo zinandipulumutsa.

Phokoso lake nde ndi lalikulu ndithu, kugogoda, kulira, kusiya, kuyambanso mtundu wina. Mawu anabwera m'makutu, bambo tikuyamba kubaya, musasunthe. Ndinamva kuzizira kukuyenda mumkono kukwera kuphewa, kenako mkamwa kukoma chitsulo, basi. Kuwawa kunalibe. Kuzizirako kunapitirira kanthawi chifukwa pambuyo pa mankhwala pampu imakankha madzi amchere, ma ml 20 kapena 30, oti akokolole zotsalira mupaipi ndi mumtsempha wa mkono kuti zonse zikafike kumtima pamodzi. Mankhwala ake ochepa chonchija, atati asiyidwe opanda madziwo gawo lalikulu likanangokhala mumkono.

Tinadikira mphindi zingapo, ndikadali gone osasuntha, mphuno ikuyabwa koma ndinangoipirira. Kenako bedi linandilowetsa mkati mpaka mutu, denga lili pafupi ndi nkhope, ndinatseka maso. Anajambulanso zopanda mankhwala, tinayeserera zopuma, pumirani mkati, tulutsani, pumirani mkati, gwirani pomwepo. Pamimba pamafunika kusapuma masekondi cha m'ma 15 kapena 20 chifukwa kupuma kumagwedeza zam'mimba. Amene munasutapo fodya yesererani kunyumba, si zophweka monga zikumvekera.

Jakisoni wachiwiri ndi amene ali ndi luso lenileni. Pampu sikankha liwiro limodzi, gawo loyamba imathamangitsa, mwina 1.5 ml pa sekondi, kuti pamimba pawale bwino, lotsalalo imatsitsa kufika mwina theka la ml pa sekondi kuti mankhwala atalike, ma artery akhalebe odzaza pomwe bedi likusamukira kuntchafu. Manambala enieni amasiyana malinga ndi malo ndi mankhwala ake. Nthawi yoyambira kujambula saganizira. Ena amayamba abaya kadontho koyesera, 1 kapena 2 ml, nkuwerenga masekondi omwe katenge kufika pa aorta. Kwa ine wojambula amayang'ana pa sikirini zithunzi zothamanga, ataona aorta yayamba kuwala nkudina batani. Chala chake ndi chomwe chimagamula pamenepo, chifukwa masekondi oyambirira ojambula ndi omwe amatenga kuwala kwenikweni kwa chithunzi, akafulumira mtsempha umaoneka ndi mizeremizere pakati pali bii, akachedwa ma vein a impso ndi a m'mimba alowerera. Ine zomwe ndinamva ndi kuzizira kuja, kachete pang'ono, kenako mofulumira, pumirani mkati, gwirani, musapume musapume musapume, phokoso, pumani, bedi nkuyenda lokha fyuu kunditulutsa, kuima, phokoso, kuyendanso. Zonsezo mwina mphindi imodzi ndi kanthu. Kukonzekera konse kuja, magazi, basi, fomu, malamba, kunali kwa mphindi imeneyo.

Atanditulutsa sanachotse kanula nthawi yomweyo, anandikhazika panja kanthawi kuti aone ngati thupi likukana mankhwala. Zimachitika mwa apo ndi apo, nseru, mutu, chizungulire pang'ono, ena zidzolo ndi kuyabwa, ndipo mwa anthu ochepa kwambiri kubanika ndi kutupa nkhope, zomwe zimafuna thandizo pompo, nchifukwa kanula amamusiya. Ngati muli ndi asthma kapena munadwalapo mutabayidwa contrast nenani poyamba pomwe. China choti mudziwe, ngati pobaya mukumva kuotcha kapena kutupa pamkono m'malo mwa kuzizira koyenda, finyani kampira kaja nthawi yomweyo, musati ndipirire ndine mwamuna, ndiye kuti mankhwala akutayikira pansi pa khungu ndipo chithunzi sichituluka. Kawirikawiri zimatha ndi kukweza mkono ndi kuika chozizira, koma ayenera kuona. Ine ndinalibe chilichonse, ndinamwa madzi, kudya nsima, madzulo ndinali bwinobwino, ndipo zoti jakisoniyu amafoola kapena amafupikitsa moyo, zomwe achimwene anandiuza pa foni usiku woti mawa ndikujambulidwa, ndi nkhambakamwa chabe.

Zithunzi anandionetsa. Kumbuyo kwakuda bii, mitsempha yoyera, mafupa osaoneka olo limodzi. Kumanja mtsempha wa m'ntchafu umatsika wonse, olo m'mbali mwake munali mokumbikakumbika. Kumanzere umatsika nkudukiza chapakati pa ntchafu, kampata ka masentimita angapo kopanda kanthu, nkudzayambanso cha pamwamba pa bondo, ndipo mozungulira kampatako munali timitsempha tokhotakhota tomwe thupi linakuza lokha kuti magazi azilambalala. Ndi timeneto tomwe timandifikitsa pakati pa njira ya ku shopu. Koma zomwe zinandikhalitsa chete ndi za kumunsi zija, amazisuntha chimodzichimodzi, mwendo wamanja wawala kale, wamanzere udakali mdima, papita zithunzi zingapo nkuyamba kuoneka mitsempha iwiri, wachitatu osabwera, ndipo posakhalitsa cha kuphazi la bala ma vein ayamba kale kuwala. Adokotala analoza chithunzi chimodzi nkuti bambo, pamwendo uwu chotithandiza ndi ichi ndi chotsatira chake, tikanabaya kamodzi tikanafika mochedwa. Pa mitsempha iwiri yotsegukayo umodzi umakafika kuphazi, ndipo akuti umenewo ndi womwe unapangitsa a opaleshoni kunena kuti kutsegula m'ntchafu kuli ndi phindu.

Kwa amene impso zanu zili pansi kwambiri musataye mtima kuti basi sindijambulidwa. Pali njira zojambulira ma artery pa MRI popanda jakisoni, ina imatchedwa QISS, amakumata timawaya pachifuwa kuti makina aziyendera kugunda kwa mtima, imatenga nthawi yotalikirapo ndipo si makina onse ali nayo, koma funsani. Doppler nayenso m'manja mwa munthu wodziwa amanena zambiri.

Potuluka musangotenga lipoti la papepala, pemphani CD kapena flash ya zithunzi zonse kuphatikizapo zija zotsatizana za kumunsi, chifukwa dokotala wa mitsempha yemwe ndinakamuona pambuyo pake pepala anangoliyang'ana pang'ono, amafuna kuona yekha kutalika kwa pomwe patsekeka. Pemphaninso akulembereni m'buku lanu la kuchipatala dzina la mankhwala ndi ma ml omwe akubayani, tsiku lina mudzafunsidwa. Ine anandiyambitsa aspirin ndi atorvastatin wotsitsa mafuta m'magazi, bala amatsuka ku chipatala konkuno ku Mzuzu, shuga tikulimbana naye, ndipo pa ntchafu paja anadzatsegula ndi kabaluni kolowetsa kudzera mphechepeche, imeneyo ndi nkhani ina yaitali yokhala ndi jakisoni wakenso wa iodine, ndipo creatinine anandiyezanso ndisanalowe komanso nditatuluka.